Kodi Mumadziwa Izi za Kachilombo ka HIV?

Kodi mumadziwa kuti udzudzu sufalitsa HIV? Ukayamwa magazi a munthu amene ali nako, kachilomboko kamagayikira m'mimba mwa udzudzuwo. Malungo umapereka ndithu, koma HIV sunapatsirepo munthu ngakhale mmodzi!

Nanga kamadzera kuti? Kamadzera m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndi mumkaka wa m'mawere. Kupatsana moni wa m'manja, kudyera mbale imodzi kapena kumwera chikho chimodzi, chiopsezo chake ndi 0.

Kodi mumadziwa kuti munthu sadziwika ndi maso kuti ali nako? Atha kulima, kumenya mpira, kunenepa bwinobwino osamva kalikonse m'thupi, mwina mpaka zaka 10.

Kodi mumadziwa kuti mwa ana 100 obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilomboka koma sakumwa mankhwala, 15 mpaka 45 amatengera? Malawi ndiye anali woyamba padziko lonse, mu 2011, kuyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako. Mayi akamamwa mwandondomeko, nambala ija imatsika osafika ndi 5 pomwe.

Abambo, mwamvapo za mdulidwe wa kuchipatala? Kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda adapeza kuti umachepetsa chiopsezo choti mwamuna atenge kachilomboka kwa mkazi. Kondomu musaitaye ayi, chifukwa chitetezo cha mdulidwe chimalekera pa 60 peresenti.

Kondomu yang'ambika, kapena wina wagwiriridwa? Thamangirani kuchipatala mukapemphe PEP, mankhwala omwa masiku 28 otchinga kachilomboka kasanakhazikike. Koma musazengereze, ayenera kuyambidwa asanathe maola 72.

Palinso PrEP, yomwera amene alibe kachilomboka koma ali pachiopsezo. Mapiritsi ake akamamwedwa mosadumphitsa, chiopsezo chotengera pogonana chimatsika ndi pafupifupi 99 peresenti!

Nachi china chokoma. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, mpaka tizilombo osaonekanso akamuyeza, sapatsira wokondedwa wake pogonana. Kafukufuku amene adatsegula dziko maso pa nkhaniyi mu 2011 adachitikanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo adapeza kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti.

Nanga mukagonana mosadziteteza lero, mawa mukayezetsa zioneka? Ayi, zipangizo zambiri zoyezera zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboka, ndipo iwowa amachedwa kuonekera. Mukapezeka mulibe, mudzayezetsenso, popeza kwa ena zimatenga masiku 90.

Mukuopa singano? Pali kachipangizo kodziyezera nokha kongopukutira m'nkhama, zotsatira zake zimatuluka pamphindi 20.

Ndiye inu mudayezetsa liti komaliza? Musanalowe m'banja, mukakhala ndi pathupi kapena mukapeza bwenzi latsopano, tengananitu awiriwiri mukayezetse. M'zipatala za boma kuno ku Malawi ndi ulere!