MPANDA WOTSEKERA MBALA KUNJA UNGATSEKERE BANJA M'MOTO

KITWE: Mlendo wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akafika koyamba ku Nkana East mu mzinda wa Kitwe, cimene ayamba kuona si nyumba ai, koma mipanda. M'misewu yambiri mipanda ya njerwa yaima mbali zonse ziwiri, yaitali kuposa munthu. Pamwamba pa ina anazikapo mabotolo oswa, pa ina waya waminga, pa inanso waya wa magetsi. Mlendoyo akagogoda pa geti, woyamba kumuyankha ndi galu, mwini nyumba pambuyo.

Akalowa apeza kuti mazenera onse ali ndi zitsulo, ndipo pa khomo pali zitseko ziwiri, cina ca matabwa, cina ca zitsulo cokhala ndi maloko ake. Zonsezi anaziika poopa mbala, ndipo palibe anganene kuti eni nyumba analakwa. Koma liripo funso limene mabanja ambiri sanadzifunse: kodi moto ukabuka pakati pa usiku, banja lidzatulukira pati, nanga wobwera kudzathandiza adzalowera pati?

KAMPANI INALI TATE

Nkana East ndi malo akale a mgodi. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932 uli m'manja mwa kampani ya Rhokana, ndipo kampaniyo inamanga nyumba za mayadi akuluakulu pa malo amenewa, amene atsetsereka pang'onopang'ono kulinga ku mtsinje wa Kafue. M'menemo munali kukhala azungu a nchito zapamwamba, pamene anthu akuda anali kukhala ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Mindolo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ana a Zambia nawonso anayamba kulowa m'nyumbazi pamene anali kukwera pa nchito.

Masiku amenewo kampani ndiyo inali tate wa onse. Inali ndi apolisi akeake a mgodi. Waya wa magetsi ukaonongeka, mpopi ukaphulika kapena denga likadontha, wokhala m'nyumba anali kungokanena ku ofesi. Zinapitirira motero ngakhale pamene migodi inaphatikizidwa kukhala ZCCM mu 1982.

Zinthu zinasintha cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene nyumba za mgodi zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo mu 2000 mgodi wa Nkana unapita m'manja mwa kampani ya Mopani. Kukhala ndi nyumba yakeyake kunali kokondweretsa, koma walira mvula walira matope. Kuyambira pamenepo waya wokalamba, denga ndi udzu wa kunja kwa mpanda zinakhala pamutu pa mwini nyumba. Ena anamanga tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba, ndipo nyumba zina zinasanduka maofesi, masukulu a ana ndi nyumba zogona alendo. Motero waya umene unaikidwira banja limodzi unayamba kusenza masitovu atatu kapena anai.

CIMENE CINAKWEZA MIPANDA

Pa nthawi yomweyo amuna ambiri anacotsedwa nchito m'migodi, pamene anthu mu mzinda anali kucurukirabe. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 600,000 m'boma la Kitwe. Mbala za m'tauni sizifuna ndalama zokha. Ziba mawaya a mkuwa, mipopi, mapampu a madzi, mabatire a galimoto ndi zovala za pa cingwe. Mu 2018 anthu a mu Kitwe anazunzika ndi timagulu ta anyamata aciwawa, monga kaja kanachuka ndi dzina lakuti Tokota Boys, kufikira apolisi atagwira ena a iwo. Cakumapeto kwa 2019 kunabuka ku Chingola nkhani ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, ndipo pofika kuciyambi kwa 2020 mantha anali atafalikira dziko lonse.

Banja logona ndi mantha otere likapeza kandalama, liyamba ndi kuitana wowocherera zitsulo. Mpanda ukwera, loko aonjezedwa, ndipo kiyi abisidwa kutali ndi khomo kuti mbala yopisa dzanja pa zenera isamupeze.

MOTO UCOKERA M'KATI

Mbala icokera kunja, koma moto kawirikawiri ucokera m'nyumba momwemo. Mu 2024 mvula inakana, madzi anacepa pa damu la Kariba, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. M'miyezi yotsatira magetsi anali kuzima maola 20 ndi kupitirira pa tsiku. Nyumba za kumayadi zinabwerera ku makandulo ndi mbaula monga za m'komboni, ndipo ena anagula majenereta ndi masitovu a gasi.

Ciri conse ca zimenezi ciri ndi ngozi yake. Kandulo yoima yokha pa mpando wa pulasitiki kapena pafupi ndi katani ikagwa, sipafunika nthawi yaitali kuti cipinda conse ciyake, pakuti matiresi ndi mipando ya masiku ano ziyaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Mai angasiye sitovu kapena nsimbi yosazima pamene magetsi apita, nkupita ku msika, magetsi nkubwera kunyumba kulibe munthu. Petulo wa jenereta wosungidwa m'cigubu ku khichini angogwira moto ndi nthunzi yake yokha. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai ena alowetsa mbaula m'cipinda cogona natseka mazenera, osadziwa kuti makala atulutsa mpweya woipa wosanunkha ndi wosaoneka, umene upha munthu ali m'tulo popanda lawi liri lonse.

Kuyambira Ogasiti kufikira Okotobala kubwera ngozi ina. Udzu uuma, mphepo ikula, ndipo wina akatentha zinyalala kapena chire la kumunsi ca ku mtsinje, moto ukwera mtunda mofulumira kuposa mmene utsikira, popeza lawi liyamba kuumitsa ndi kutenthetsa udzu umene uli pamwamba pake. Moto upita kumene kwatsala chire, cotero yadi losachecha liika pangozi nyumba zonse zoyandikana nalo.

Anthu a ku Migodi adziwa bwino liwiro la moto. Mu 2017 msika wa Kapalala ku Ndola unapsa, patangopita milungu yowerengeka cipsereni msika waukulu wa City Market ku Lusaka, ndipo amalonda ambirimbiri anataya katundu wao yense usiku umodzi.

KIYI ALI KUTI?

Apa ndipo pagona nkhani. Ambiri amene afa pa ngozi ya moto m'nyumba safa ndi lawi ai, koma ndi utsi. Utsi udzaza cipinda kuyambira kudenga, uzimitsa maso ndi kusokoneza mutu, kotero kuti munthu asocera m'nyumba yake yomwe. Pa nthawi yotero tate afunafuna kiyi amene anamubisa yekha madzulo, ana ali ku cipinda ca kumapeto kumene zenera lake liri ndi zitsulo zowocherera, ndipo anansi amene amva kulira aima kunja kwa geti lokhoma, pamwamba pa mpanda pali waya wa magetsi. Galimoto la ozima moto likafika, nalonso liyamba ndi kudula maloko lisanathire madzi.

Mankhwala ake si kucotsa zitsulo, koma kuzikonza mwanzeru. M'cipinda cogona ciri conse, kapena cimodzi mwa ziwiri zoyandikana, mukhale zenera limodzi limene zitsulo zake zitseguka ngati citseko, ndipo kiyi wake apacikidwe pa msomali m'cipinda momwemo, pamene dzanja la kunja silingafike koma mwana wa zaka khumi angafike. Makiyi a makomo ndi a geti akhale pa malo amodzi odziwika kwa onse, ngakhale kwa wanchito ndi mlendo wa kumudzi amene wabwera kudzagona masiku awiri okha. Banja liyeseko tsiku lina kutuluka m'nyumba nyale zonse zitazima, ndipo lipangane pokomana panja kuti pasakhale wobwerera m'moto kukafuna mwana amene watuluka kale.

Moto ukabuka, munthu akwawe pansi pamene pali mpweya wabwino. Mafuta ophikira akayaka asawathire madzi, pakuti madzi amwaza motowo, koma avundikire poto ndi civundikiro cake. Moto wa magetsi ufuna kuyamba wazima swici yaikulu. Ndowa ya mcenga pafupi ndi khomo la khichini siwononga ndalama. Akamva fungo la gasi asayatse macesi kapena swici, koma atseke botolo la gasi ndi kutsegula mazenera. Nambala ya lamya ya ozima moto ndi 993, ya apolisi ndi 991, ndipo ana aphunzitsidwe manambalawa pamodzi ndi nambala ya nyumba ndi dzina la msewu wao. Nambala ya nyumba ilembedwe mooneka bwino pa geti, cifukwa mipanda yofanana isoceretsa woyendetsa galimoto usiku.

MNANSI APOSA LOKO

Ozima moto a Khonsolo ya Kitwe ayang'anira mzinda waukulu, ndipo galimoto lao linyamula madzi owerengeka. Apolisi nawonso sangaime pa geti liri lonse. Woyamba kufika pa ngozi, kaya ya moto kaya ya mbala, ndi mnansi. Koma mpanda wautali uli ndi coipa ici, cakuti ubisa mbala ikalowa ndipo ubisa utsi ukayamba. Kumene anthu akhala zaka osadziwana maina, galimoto lacilendo lingapakire katundu wa m'nyumba masana dzuwa liri pamutu, anansi nkumayesa kuti mwini wake asamuka.

Ndico cifukwa cake apolisi a Zambia alimbikitsa magulu a Neighbourhood Watch ndi a Community Crime Prevention Unit, m'mene anthu a dera limodzi agwirizana ndi apolisi poyang'anira malo ao. Gulu lotere lingagwire nchito ziwiri pa nthawi imodzi. Amene ayendera msewu usiku poyang'ana mbala angaonenso utsi. Amene asonkha ndalama za nyale ya mu msewu angapanganenso tsiku lochecha udzu dzuwa lisanakule, ndi kuonetsetsa kuti mpopi waukulu umene ozima moto atungako madzi sunakwiriridwe ndi zinyalala. Mndandanda umodzi wa manambala a lamya, ndi cizindikiro cimodzi codziwika kwa onse, monga kumenya citsulo, zikwanira pa ngozi zonse ziwiri. Banja lingathenso kusungitsa kiyi wa geti kwa mnansi mmodzi wokhulupirika.

Komabe gulu lotere si bwalo la milandu. Pa mantha a 2020 magulu a anthu okwiya anapha anthu ambiri pongowaganizira, ena a iwo osalakwa konse, ndipo m'malo ena anaononga ndi kutentha mapolisi ang'onoang'ono. Munthu woganiziridwa aperekedwe kwa apolisi ali wamoyo, pakuti wopha mbala nayenso aimbidwa mlandu wakupha.

NZERU YA KUMUDZI

Kwa anthu a kumidzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa zimenezi si zacilendo. Kumudzi mkuwo ukamveka usiku palibe afunsa kuti nyumba ndi ya yani. Amuna athamanga ndi nthambi zaziwisi, amai ndi mitsuko, ndipo mlendo wosadziwika akalowa m'mudzi mfumu imva dzuwa lisanalowe. Mphepo ya Ogasiti isanayambe anthu alambula kuzungulira nyumba ndi nkhokwe. Nzeru imeneyi ndiyo ifunika kumayadi.

Koma nakonso kumudzi zinthu ziri kusintha. M'misika ya m'mbali mwa msewu ndi m'midzi momwe anthu ali kumanga nyumba za malata zokhala ndi zitsulo m'mazenera, ndipo ena asunga petulo wa njinga zamoto m'cipinda cogona. Womanga nyumba yotere akumbukire kusiya zenera lotseguka. Kholo limene lituma mwana ku Kitwe kapena ku Ndola kukakhala ndi acibale limuuze kuti tsiku loyamba afunse kumene kukhala makiyi, ndiponso akapereke moni kwa a nyumba yoyandikana nayo. Akale anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, koma sangazime ndevu za munthu amene samudziwa, ndi amene geti lake sangathe kulitsegula.