Ulendo wa ocemerera mpira kucokera m'makomboni a Lusaka kupita ku Copperbelt

Timu ya dziko lino ya Chipolopolo ikakhala ndi masewera pa Levy Mwanawasa Stadium mu Ndola, ocemerera a m'makomboni a Kanyama, Chawama, George ndi Mtendere amanyamuka kusanace. Amakwera minibasi kupita m'tauni, ndipo pa Intercity amapeza basi yodzera ku Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Mtundawo umaposa makilomita 300, ndipo ndalama ya basi, kupita ndi kubwera, imaposa mtengo wa tikiti yolowera m'bwalo. N'cifukwa cake ena amasonkherana ndalama n'kubwereka minibasi imodzi, momwe amalongezamo ng'oma ndi mbendera.

Ku America, okonda masewera a baseball amayenda maulendo otere mwa kufuna kwawo. Ena amayesetsa kufika pa mabwalo onse 30 a ligi yaikulu, kuphatikizapo Fenway Park ya ku Boston, yomwe inatsegulidwa mu 1912. Kwa anthu a mu Lusaka, ulendowu unayamba cifukwa ca kusowa kwa mabwalo oyenera. Dag Hammarskjöld Stadium ya mu Ndola inagwetsedwa pokonzekera mpikisano wa Africa Cup wa 1988, koma dziko la Zambia linalephera kucititsa mpikisanowo ndipo bwalo latsopano silinamangidwe pa nthawiyo. Independence Stadium ya mu Lusaka nayo inakalamba, motero masewera akuluakulu anasamukira ku Konkola Stadium mu Chililabombwe, pafupi ndi malire a dziko la Congo DR, mtunda woposa makilomita 400 kucokera mu Lusaka.

Kumeneko n'komwe kunacitika ngozi ya pa 2 June 2007. Zambia itagonjetsa Congo Brazzaville ndi zigoli 3 kwa 0, anthu anapanikizana potuluka m'bwalo ndipo ocemerera 12 anamwalira. Ngoziyo inaonetsa kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi yotuluka. Polowa, anthu amafika pang'onopang'ono kwa maola angapo. Wosewezetsa akaliza wezulo womaliza, onse amanyamuka nthawi imodzi, ndipo wocokera kutali ndiye amathamanga kwambiri poopa kuti basi imusiya kumalo komwe alibe wacibale womugoneka. Zipata zikakhala zocepa kapena zotseka, wakugwa sadzukanso.

Zinthu zinasintha pamene Levy Mwanawasa Stadium inatsegulidwa mu 2012. M'mwezi wa June caka cimeneco, Zambia inagonjetsa Ghana 1 kwa 0 pa bwalolo. Mu 2014 kunatsegulidwanso National Heroes Stadium mu Lusaka, yolowa anthu 60,000, komwe anthu a ku Matero amatha kupita wapansi. Pa bwaloli, mu 2017, timu ya anyamata osaposa zaka 20 inatenga cikho ca Africa itagonjetsa Senegal 2 kwa 0.

Komabe maulendo a ku Copperbelt sanathe. Masewera ambiri a Chipolopolo akhala akucitikira mu Ndola, ndipo otsatira Zanaco kapena Red Arrows amaperekeza matimu awo ku Kitwe, pa Arthur Davies Stadium ya Power Dynamos kapena pa bwalo la Nkana ku Wusakile, komwe mlendo wovala malaya a timu ina amasankha pokhala mosamala.

Ocokera ku Copperbelt nawo akafika mu Lusaka ali ndi poima. Pafupi ndi National Heroes Stadium pali Heroes Acre, pomwe panaikidwa anthu 30 omwe anamwalira pa ngozi ya ndege ku Gabon mu April 1993, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira.