MAWU A MUMTIMA NDI MAPHUNZIRO A MWANA

Mwana aliyense amadzilankhula yekha mumtima pamene akuphunzira. Wina amati, "Samuyi njovuta, koma ndiyesanso." Wina amati, "Ine ndine mbuli." Wachiwiriyu amaleka kufunsa mafunso, amayamba kujomba, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 mantha amam'dzaza mutu mpaka kuiwala ngakhale zimene amazidziwa bwino.

Mawu amenewa mwana amawatola kwa akulu. M'chaka cha 1998, Carol Dweck ndi Claudia Mueller a ku America adafalitsa zimene adapeza atayesa ana a pulayimale. Ana ena adawayamikira chifukwa cha nzeru, ena chifukwa cha khama. Onse atapatsidwa mafunso ovuta, oyamikiridwa chifukwa cha nzeru adagwa mphwayi msanga, pomwe anzawo aja adalimbikira nachita bwino koposa. Paja akulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Kuno kwathu, William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sukulu ya sekondale m'chaka cha njala cha 2002 chifukwa chosowa fizi. Iye sadadzitenge wolephera. Adapitiriza kuwerenga mabuku a m'laibulale mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. M'chaka cha 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College.

Komabe makolo a ku Bwanje, Golomoti ndi Mtakataka adziwe kuti khama silichiza matenda. Ana amene amasamba m'mitsinje kapena kupalira m'minda ya mpunga amatenga likodzo mosavuta, chifukwa nkhono zofalitsa matendawa zimakhala m'madzi odekha. Likodzo, malungo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi. Mwana wotere amawodzera m'kalasi, nalephera kugwira zimene aphunzitsi akunena. Akatchedwa waulesi, posakhalitsa amakhulupirira kuti ndi waulesidi.

Choncho mwana akayamba kutsalira m'kalasi, makolo ayambe aona thanzi lake. Ngati akukodza magazi, akutentha thupi, kapena zikhatho zake zayera, apite naye ku chipatala cha Mua kapena china chapafupi. Mankhwala a likodzo alipo, ndipo amachiza. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo asapite ku sukulu ndi njala.

Akachira, am'phunzitse kulankhula bwino mumtima mwake. M'malo mwakuti "sindingathe", azinena kuti "sindinathebe, ndifunsa aphunzitsi". Akalakwa samu, asam'kalipire, koma am'funse pamene adasokonezeka, ayesenso limodzi.