Ndodo Imene Imauza Diso Zoona

Madzulo a Lamlungu pa 15 June 2025, pabwalo la gofu la Oakmont ku Pennsylvania m'dziko la America, mvula itanyowetsa udzu wonse, J.J. Spaun anafika pa dzenje lomaliza la mpikisano wa US Open mpira wake uli pa mtunda wa mamita oposa 19 kuchokera pa dzenjelo. Ankangofunika kumenya kawiri kuti atenge chikho. Anamenya kamodzi, mpira n'kuyenda mokhota mpaka kukagwera m'dzenje. Anthu ataleka kukuwa, maso a ambiri anapita pa ndodo imene inali m'manja mwake, putter ya kampani ya L.A.B. Golf, ya mutu waukulu wooneka ngati chida cha m'galaja. Funso lakale linadzukanso: kodi wagwetsa mpirawo ndi munthu kapena ndodo? Yankho loona ndi lakuti putter siigwetsera munthu mpira, koma kapangidwe kake si nkhani yamasewera. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza diso kuloza molondola, kenako kuteteza kuloza kumeneko kuti manja asakuwononge. Putter yabwino ndi imene imachita zimenezi kwa mwini wakeyo, kaya ndi ya ndalama zingati.

Amene sadziwa gofu amaganiza kuti masewerawa amathera pa kumenya mpira mwamphamvu kuti uuluke kutali. Koma dzenje lililonse limathera pa green, kabwalo ka udzu wometedwa mpala, pamene mpira suulutsidwanso koma kukunkhunizidwa ndi putter. Wosewera amaloledwa kunyamula ndodo 14, ndipo iyi ndi imene imatuluka m'chikwama kawirikawiri kuposa zonse. Pabwalo la maenje 18 limene katswiri amayembekezeka kumaliza atamenya ka 72, theka la chiwerengerocho, 36, amawerengera putter. Kumenya kotumiza mpira mamita 270 ndi kukankha kwa theka la mita kumalembedwa chimodzimodzi pa khadi. Dzenjelo m'mimba mwake ndi masentimita 10.8 okha, mpira 4.3. Mark Broadie wa ku yunivesite ya Columbia, amene anawerengera mwatsatanetsatane kaseweredwe ka akatswiri a PGA Tour, anaonetsa kuti pa mtunda wa mamita 2.4 ngakhale akatswiriwo amagwetsa theka chabe la mipira yawo. Amenewa ndi anthu amene amadya za gofu, amene amayeserera tsiku ndi tsiku, koma mtunda wa masitepe atatu okha umawakanika kamodzi pa kawiri kalikonse.

Chifukwa chake chimaoneka munthu akatenga pensulo. Nkhope ya putter, mbali yosalala imene imakhudza mpira, ikapotoka ndi digiri imodzi yokha, mpira ukamafika pa mamita 3 umakhala utapatuka masentimita oposa 5, ndiye kuti uli m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Digiri imodzi ndi kanthu kochepa kwambiri. Pa wotchi yapakhoma, mpata wa pakati pa mphindi imodzi ndi inzake uli ndi madigiri 6. Dulani kampata kameneko pasanu ndi kamodzi, kagawo kamodzi ndiko kamalekanitsa kugwetsa ndi kuphonya. Mu 2008 akatswiri a ku Norway motsogozedwa ndi Jon Karlsen anayeza osewera aluso n'kupeza kuti pa zimene zimalamula kolowera mpira pa nthawi yomenya, kumene nkhope yaloza kumatenga pafupifupi 80 peresenti, njira imene mutu wa ndodo wadzera 17 peresenti, ndipo malo amene mpira wakhudza pa nkhopepo 3 peresenti yokha. Mmera mpoyamba: mpira usanachoke, zambiri zimakhala zitagamulidwa kale. Vuto n'lakuti wosewera gofu amaloza ataima pambali, atawerama, akuyang'ana pansi. Mnyamata wa legeni amaika diso kumbuyo kwa mwala, wosewera pool amagoneka chibwano pa ndodo n'kuona mzere wonse. Wa gofu saloledwa kutero. Sam Snead atayesa kumenya ataima chotangadza mzere, nkhope yake italunjika ku dzenje, mabungwe oyendetsa masewerawa analetsa kaimidweko mu 1968. Choncho diso limagwira ntchito lili pamalo olinamiza, ndipo apa ndi pamene wopanga ndodo amalowerera.

Munthu amene anasintha kwambiri maganizo a opanga ndodozi anali Karsten Solheim, injiniya wa kampani ya General Electric wobadwira ku Bergen m'dziko la Norway, amene anayamba gofu ali ndi zaka 42. Nthawi imeneyo putter yofala inali kachitsulo kopyapyala, kulemera kwake kofanana kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga. Mpira ukakhudza pambali pang'ono, mutu unkapotoka, mpira n'kuchoka wofooka ndiponso wopatuka. Solheim anachotsa chitsulo pakati n'kuchikankhira kumapeto onse awiri. Aliyense amene anasenzapo mtolo wa nsungwi zazitali amadziwa chimene anachita. Wosenza ndowa amatembenuka msanga, koma wosenza nsungwi amatembenuka movutikira, chifukwa kulemera kuli kutali ndi mutu wake. Putter yolemera m'mapeto imakana kupotoka chimodzimodzi. Yoyamba anaipangira m'galaja ya kunyumba kwake ku California mu 1959 n'kuitcha Ping potengera kulira kwake ikamenya mpira. Mu 1966, atasamukira ku Phoenix, anajambula ina pa chikuto cha mbale ya galamafoni, mkazi wake Louise n'kupereka dzina limene linadzakhala Anser. Julius Boros anapambana Phoenix Open mu 1967 ndi putter ya Ping, George Archer anatenga Masters ndi Anser mu 1969, ndipo chilolezo choteteza kapangidweko chitatha m'ma 1980, pafupifupi kampani iliyonse inatulutsa yakeyake yofanana nayo. Putter ya Scotty Cameron imene Tiger Woods anapambana nayo zikho zikuluzikulu 14 mwa 15 zake ndi mdzukulu wa Anser yomweyo.

Anser imatamandidwa chifukwa chokhululukira manja, koma inathandizanso diso. M'mbali mwake ndi mowongoka, ngodya zake n'zooneka, ndipo khosi lake lopindika limasiya nkhope yonse poyera kuti wosewera aione. Opanga ena anapita patsogolo ndi mbali imeneyi. Diso la munthu silitha kuyeza digiri imodzi pa kachitsulo kafupi, koma limazindikira msanga ngati zinthu zingapo zili pamzere umodzi kapena ayi, n'chifukwa chake mmisiri womanga amakoka chingwe asanayale njerwa. Dave Pelz, amene anagwirapo ntchito ku NASA asanadzipereke pa kafukufuku wa gofu, anapanga putter yokhala ndi mipira yondondozana kumbuyo kwa nkhope m'ma 1980. Ganizo limenelo linabala Odyssey 2-Ball mu 2001: zozungulira ziwiri zoyera, zazikulu ngati mpira, zili pamwamba pa mutu, kotero kuti wosewera akayang'ana pansi amaona mipira itatu pamzere ndipo kupotoka kulikonse kumaonekera. Mitu ikuluikulu yotalikira kumbuyo ngati Spider ya TaylorMade imachita ntchito ziwirizi pamodzi, chifukwa imapereka malo a mzere wautali komanso imataya kulemera kutali ndi pakati. Scottie Scheffler, amene ankaposa anzake pofikitsa mpira pa green koma n'kumataya mwayi pamenepo, anasinthira ku Spider mu March 2024. Sabata yomweyo anapambana Arnold Palmer Invitational, sabata yotsatira The Players, ndipo mu April anatenga Masters.

Otsutsa oyamba amati zonsezi n'zongokometsera, luso lili m'manja. Umboni wawo ndi wamphamvu, ndipo umachokera kuno kumwera kwa Africa. Bobby Locke wa ku South Africa, amene ambiri amamuika pakati pa odziwa kugwetsa mpira koposa m'mbiri yonse ya gofu, anapambana British Open mu 1949, 1950, 1952 ndi 1957 ndi putter yakale ya mpini wamtengo ndi kamutu kachitsulo kopanda zokongoletsa. Izi ndi zoona, ndipo palibe ndodo imene ingapatse munthu dzanja la Locke. Koma nkhani yake ikuphunzitsa china. Locke anakhala ndi ndodo imodzi zaka zambirimbiri mpaka diso lake ndi chitsulocho zinamvana. Ankadziwa kumene yaloza monga mlimi amadziwira khasu lake mumdima. Kumvana kumeneko anakugula ndi moyo wake wonse pabwalo. Mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'banki amene amasewera Loweruka lokha alibe zaka zimenezo. Kapangidwe kabwino kamamufupikitsira njira yofika pa chimene Locke anali nacho, kukhulupirira kuti kumene diso likuti ndodo yaloza ndi kumene yalozadi.

Otsutsa achiwiri amati ndi malonda basi, makampani amangosintha utoto chaka chilichonse n'kukweza mtengo. Nawonso ali ndi mfundo. Ndodo zotchuka zatsopano zimadutsa madola 400, ndipo chikomekome cha mkuyu nthawi zina m'kati mumakhala nyerere. Chiwerengero cha Karlsen cha 3 peresenti chija chikusonyeza kuti kwa wosewera waluso, amene kawirikawiri amamenya ndi pakati pa nkhope, kukana kupotoka kumene otsatsa malonda amakokomeza sikusintha kwambiri kolowera mpira. Kumathandiza kwenikweni kuti mpira womenyedwa ndi pambali usathere m'njira, ndipo amapindula nako kwambiri ndi ongoyamba kumene. Komabe zimenezi sizikugwetsa mfundo ya kapangidwe, zikungoiika pamalo pake. Maso a anthu ndi osiyana: mutu wozungulira, mutu wa ngodya, mzere umodzi, mizere itatu, kadontho kapena kusowa chizindikiro chilichonse, zonsezi zimakokera kuloza kwa munthu uyu kumanzere, kwa uyo kumanja. N'chifukwa chake palibe putter imodzi yoposa zonse, ndipo kuyesa sikulira makina. Pezani simenti yosalala, ikani chitsekero cha botolo pa mamita 3, lozani ngati mukufuna kumenya, mnzanu achotse mpira n'kugoneka buku mogundana ndi nkhope ya ndodo, kenako akoke chingwe motsata m'mbali mwa bukulo. Bwerezani kakhumi. Ngati chingwe chikudutsa mbali imodzimodzi ya chitsekero nthawi zonse, ndodoyo ikunamiza diso lanu. Kwa wosewera wa ku Lilongwe kapena Blantyre, kumene ndodo yatsopano imachokera kunja ndipo imalira ndalama zakunja, uwu ndi uthenga wabwino: putter yogwiritsidwapo kale imene yakhoza mayeso amenewa imaposa yonyezimira imene yalephera.

Otsutsa achitatu amadandaula mbali ina, kuti ngati kapangidwe kakuthandizadi, ndiye kuti zida zikulanda malo a luso. Nkhawa imeneyi ndi yakale. Walter Travis atapambana mpikisano wa British Amateur mu 1904 ndi putter ya Schenectady, imene mpini wake unkalowa pakati pa mutu, bungwe la R&A la ku St Andrews linaletsa ndodo za mtunduwu mu 1910, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1950. Nkhondo inabukanso pamene Keegan Bradley mu 2011, Webb Simpson ndi Ernie Els mu 2012, ndi Adam Scott mu 2013 anatenga zikho zikuluzikulu ndi ndodo zazitali zotsamiritsa pamimba kapena pachifuwa. Kuyambira pa 1 January 2016, R&A ndi bungwe la ku America la USGA analetsa kutsamiritsa ndodo pathupi. Malire amene anaikidwa ndi anzeru. Mizere, madontho ndi kugawa kulemera n'zololedwa, chifukwa zimangothandiza munthu kuona ndi kusunga chimene wasankha yekha. Zida za magetsi zolozera n'zoletsedwa, kutsamiritsa n'koletsedwa, chifukwa zimachotsa mayeso enieniwo, akuti manja aufulu, ngakhale akunjenjemera, akankhe mpira. Magalasi a maso sawerengera mwana wasukulu mayeso, amangomulola kuona funso.

Putter ya Spaun ndi sitepe yaposachedwa pa njira yomweyo imene Solheim anayamba. Opanga ake amaika mpini ndi kulemera m'njira yoti nkhope isamafune kutseguka kapena kutsekeka yokha ndodo ikamapita kumbuyo ndi kutsogolo, kuti manja asakhale ndi ntchito yoibweza. Koma pali zinthu ziwiri zimene palibe kampani ingaike m'chitsulo: kuwerenga kupendekeka kwa green ndi kudziwa mphamvu yoyenera. Ndodo yoloza bwino ikalozetsedwa kolakwika imaphonya mokhulupirika. Pa dzenje lomaliza ku Oakmont, mpira wa Viktor Hovland unali pafupi ndi wa Spaun, pafupifupi pamzere womwewo, ndipo Hovland ndiye anayamba kumenya. Spaun anauyang'anitsitsa mpirawo ukuyenda, anaona pamene wakhotera ndi mmene udzu wonyowa ukuuchedwetsera. Atafika pa mpira wake, njira anali ataiona kale ndi maso ake. Chimene anapempha kwa ndodo yake chinali chimodzi chokha, kuti iloze kumene iye waona ndipo isasinthe mpaka mpira utachoka.