Ana awiri a ku Kasungu ndi malilime awo

Pa 6 July 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda atatsika ndege pa Chileka, amayi anawalandira ndi nthungululu. Koma atayamba misonkhano, panafunika womasulira. Mwana wa ku Kasungu ameneyu, yemwe anachoka kwawo wapansi ali mnyamata n'kukafika mpaka ku migodi ya ku Joni, anali atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo Chichewa chinali chitawathawa pakamwa. Chodabwitsa n'chakuti ali ku Chicago ndi iwo omwe ankauza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins mawu a Chichewa, mpaka buku la Watkins la galamala ya Chichewa linatuluka mu 1937.

William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe vuto lake linali lina: Chingerezi.

Njala ya 2001 ndi 2002 itakukuta minda ya chimanga ndi fodya, bambo ake analephera kumulipirira fizi pa sekondale ya Kachokolo. Mnyamatayo anayamba kukhalira pa kalaibulale ka pa pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy. Mawu ambiri ankangomudutsa, choncho ankawerenga zithunzi. Kuchokera apo ankapita kudzala la zitsulo za esiteti ya fodya yomwe inasiyidwa, n'kumatola zomwe ena anataya. Chikupizo cha thirakitala, njinga yakale ya bambo ake, dayinamo, mapaipi ndi milongoti ya bulugama zinasanduka makina opanga magetsi ndi mphepo. Anthu ankati wapenga. Babu itayaka, omwewo anayamba kubwera ndi mafoni kudzatchajitsa.

Mu 2007 anaima pa msonkhano wa TED ku Arusha, Chingerezi chake chili chodukaduka, mantha akuonekeratu. Aliyense amene anaimitsidwapo pamaso pa azungu ndi Chingerezi cha Fomu 1 akudziwa momwe malovu amaumira. Koma atakhala ku African Leadership Academy ku Johannesburg pakati pa anzake ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa, osamva Chichewa n'komwe, lilime linamasuka. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America, kumene chisanu chake sichifanana ndi cha mu June ku Kasungu.

Chingerezicho anachigwiritsa ntchito ngati khasu. Kudzera m'bungwe la Moving Windmills Project, lomwe linayamba mu 2008, ku Wimbe kunabwera mapampu a madzi oyendera dzuwa, ndipo mogwirizana ndi bungwe la buildOn anamanga midadada yatsopano pa pulaimale ija ya kalaibulale.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Chiwetel Ejiofor, katswiri wa mafilimu wa ku London, pojambula filimu ya moyo wa William yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka pa Netflix mu 2019, anabwera ku Kasungu ndipo anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo ake a William. Amalawi ena ataonera anaseka katchulidwe kake, ena n'kumati wayesetsa mlendo.