Chipolopolo chimodzi, mfuti ziwiri: mkangano wa m'magalaja a ku Ohio

Kuyambira mu 2014, pamene dera la Ohio ku America linalola alenje kusaka agwape ndi mfuti zowombera zipolopolo za chigoba chowongoka, mfuti zachikale zija zokoka chitsulo kunsi zabwereranso m'manja mwa anthu. Zambiri zimadya zipolopolo za pisitolo monga .357 Magnum ndi .44 Magnum. Zipolopolo zitasowa m'masitolo mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, alenje ochuluka anayamba kudzikonzera okha kunyumba.

M'galaja ina kunja kwa tauni ndinapeza bambo wachikulire, makaniko wopuma pa ntchito. Pa tebulo lawo panali zitini za khofi zodzaza ndi zigoba za mkuwa zomwe anatola atawombera, zotsukidwa mpaka kunyezimira. Wailesi anali atazimitsa, foni ataisiya m'nyumba. Mdzukulu wawo anakhala pa mpando chapatali ali phee, poti agogo akamayeza onga salola munthu kuwayankhulitsa. Amene anaonapo mlenje akuthira onga mu gogodela mongoyerekeza angadabwe ndi kasikelo kawo, komwe kamagwedezeka ngakhale ndi mpweya wopuma. Atathira onga m'zigoba 50, anaziyika mu mzere n'kuunika chimodzichimodzi ndi tochi, chifukwa chigoba chothiridwa kawiri chingaphulitse mfuti m'manja mwa mwini wake.

Zipolopolo zawo zonse ndi za mphuno yaphwatalala, ndipo pali chifukwa. M'mfuti zamtunduwu zipolopolo zimagona motsatizana mu kampope kamene kali kunsi kwa mpope waukulu, mphuno ya china itagunda kumbuyo kwa chinzake, pomwe pali kachitsulo koyatsa onga. Mphuno yosongoka ingayatse chinzakecho mfuti ikagwedezeka. Bambowo amapananso kwambiri kukamwa kwa chigoba kuti sipuling'i ya mu kampopeko isakankhire mtovu mkati.

Pa zimenezi palibe amene amatsutsa. Mkangano uli pa funso lina: kodi munthu akonze zipolopolo zamtundu umodzi zoti zizilowa m'pisitolo ndi m'mfuti yaitali momwe, kapena akonze zamphamvu zapadera za mfuti yaitali yokha?

Ena amati mpope wautali umapatsa onga nthawi yoyaka bwino, motero chipolopolo chimathamanga kuposa mmene chimachitira m'pisitolo, ndipo n'kutaya mwayi kusawonjezera mphamvu. Amatinso gwape wowomberedwa ndi chipolopolo chofooka amathawa ndi bala n'kukafera kutchire movutika. Mfundo imeneyi si yopepuka, ndipo mlenje aliyense wachifundo amaimva.

Bambo aja ali mbali inayo. Iwo akuti mfuti yotchuka ya mu 1873, yomwe inabwera ndi chipolopolo cha .44-40, inakondedwa kwambiri mapisitolo odya chipolopolo chomwecho atatuluka, moti woweta ng'ombe ankanyamula thumba limodzi lokha. Zipolopolo ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana mphamvu, iwo akuti, tsiku lina zidzasakanikirana ndithu. Nkhawa yawo si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mafakitale ankagulitsa zipolopolo zaliwiro za mfuti zaitali zokha, pa bokosi atalemba chenjezo loti zisalowe m'pisitolo. Bokosi limatayika, chipolopolo n'kutsala m'kabati zaka 30, ndipo wodzachipeza ndi mwana wamasiye amene sanamve chenjezolo.

Kwa ine bamboyu akunena zoona, makamaka pa zipolopolo zakale ngati .44-40 ndi .45 Colt, pakuti mapisitolo ena odya zimenezi ndi achitsulo chofooka cha makedzana. Liwiro lowonjezera silingafanane mtengo ndi dzanja la munthu. Bambowo sadutsa muyezo wolembedwa m'mabuku oyesedwa a ntchitoyi, ndipo muyezo womva kwa mnzawo kapena wowerenga pa intaneti saukhudza n'komwe.

Ndisanatsanzike anandionetsa botolo lagalasi lomwe amaponyamo chipolopolo chilichonse chimene akuchikayikira, kuti adzachiphwasule tsiku lina. Kenako anaitana mdzukulu uja kuti akasambe m'manja ndi sopo, ngakhale mwanayo sanagwire kanthu. M'nyumba mwawo aliyense wochokera m'galaja sadya asanasambe, poopa fumbi la mtovu.