Pulogalamu yatsopano siikonza diso la wojambula

Abale anzanga, amene simudagwirepo kamera mwina muona ngati nkhani ya lero ndi ya anthu okhuta. Koma dikirani kaye. Ngati mumagulitsa nsapato kapena zitenje ndipo mumazijambula kuti makasitomala azione pa WhatsApp, nkhaniyi ndi yanu. Ngati ndinu mwana wa sukulu amene mumajambula anzanu pa tsiku lolandira madigiri kuti mupezeko ya sopo, nkhaniyi ndi yanunso. Tonsefe tikajambula timathamangira pulogalamu yokonzera zithunzi, ndipo tonsefe tsiku lina timalandira kauthenga kotiuza kuti kwatuluka mtundu watsopano, umene anyamata a makompyuta amati version. Funso n'lakuti, kodi tizingovomera nthawi zonse?

Ine ndidaphunzira mochedwa, ndipo sukulu yake fizi inali yowawa.

Msuweni wanga ankachita chinkhoswe ku Chirimba. Azakhali adandiitana nati, "Iwe si umayenda ndi kamera? Tilipirenji munthu wina pamene mwana tili naye pakhomo?" Sindikadakana. Pofuna kuti ndisachite manyazi, ndidakabwereka kamera yatsopano kwa mnzanga wina, ndipo tsikulo ndidajambula zithunzi zoposa 300. Usiku ndili ndekha, ndidatsegula laputopu kuti ndiyambe kukonza. Pulogalamu yanga, imene idanditumikira zaka zambiri osadandaula, idakana kutsegula ngakhale chithunzi chimodzi. Dzina lake sinditchula, poti iyo siidalakwe. Inali chabe yakale kuposa kamerayo.

M'mawa mwake ndidakwera minibasi wa ku Limbe, kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Adandilandira ndi nsangala. "Akulu, musadandaule, ndikuikirani latest yeniyeni, yosalipira mpaka kale." Ndidamupatsa kangachepe, iye adalowetsa fulashi yake, ndipo zithunzi zidatsegukadi. Ndidabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Patatha masiku atatu, mafayilo onse a m'laputopu adasintha maina ndipo palibe imene inkatseguka. Pulogalamu yoberayo idabwera ndi vairasi kumsana. Za chinkhoswe zidapulumuka chifukwa mwini kamera anali asadafute memori kadi. Koma zithunzi zimene ndidawajambula malemu agogo anga ku Ntcheu, ali pakhonde akusenda chimanga, zidapita. Zimene zidatsala ndi ziwiri zokha zimene ndidatumizirapo achemwali anga pa foni, zazing'ono, zosati n'kuzikulitsa kuti upachike pakhoma. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine nyererezo ndidazilawa.

Tsono tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti timvetse kumene vutoli lidachokera.

Enafe tikukumbukira tili ana, wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili pakhosi. Filimu yake inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo ankadikira kuti idzaze asadakaitsukitse ku situdiyo. Ukatsinzina, watsinzina basi. Pa nthawi yomweyo, ku America zinthu zinali zitayamba kale kusintha. M'chaka cha 1990 kampani ya Adobe idatulutsa Photoshop yoyamba, imene idalembedwa ndi anthu awiri apachibale, Thomas ndi John Knoll. Mtundu uliwonse wotsatira unkabwera ndi chida chooneka ndi maso. Wa nambala 3, mu 1994, udabweretsa ma layer, kutanthauza kuti munthu ankatha kusanjikiza zidutswa za chithunzi ngati mapepala oonekera n'kumasintha chimodzi osakhudza chinzake. Wa nambala 7, mu 2002, udabweretsa chida chofufutira ziphuphu ndi zipsera pankhope. Mu 2007 kudabwera Lightroom, yopangidwira ojambula enieni amene amafuna kusanja ndi kukonza zithunzi mazanamazana nthawi imodzi.

Masiku amenewo pulogalamu unkaigula ngati njinga. Yodula, inde: Photoshop CS6 ya 2012 inkagulidwa madola 699, ndipo Lightroom 6 ya 2015 madola 149. Koma ukagula wagula. Ukafuna kukhala nayo zaka khumi osasintha, palibe wokufunsa.

Zinthu zidatembenuka mu 2013, pamene Adobe idalengeza kuti Photoshop yatsopano siidzagulitsidwanso koma izibwerekedwa pa mwezi. Ojambula adawaikira mtengo wa madola 9.99 pa mwezi, Photoshop ndi Lightroom pamodzi. Mu 2017 nayo Lightroom yogula kamodzi idafika pa mapeto. Njinga ija idasanduka nyumba ya lendi. Ukasiya kulipira, Photoshop imatseka chitseko. Lightroom Classic imakulola kuona ndi kutulutsa zithunzi zako, koma chipinda chachikulu chokonzeramo chimatsekedwa.

Kwa munthu wa ku London kapena ku New York, madola 10 pa mwezi anali mtengo wa chakudya cha masana. Nanga kwa ife? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti madola 10 amene dzulo lake anali K11,800 adadzuka ali K17,000, pulogalamu ili yomweyo, kamera ili yomweyo, makasitomala ali omwewo. Apa sitidawerengere bandulo ya intaneti yokoperapo pulogalamuyo, kapena mavuto opeza khadi ya ku banki imene ingalole kulipira kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zasowa. A bizinesi mukudziwa zimene ndikunena.

Palinso china. Mu Okutobala 2019, Adobe idauza makasitomala ake a ku Venezuela kuti iwatsekera chifukwa cha zilango zimene boma la America lidaika pa dzikolo. Pambuyo pake idapatsidwa chilolezo ndipo sidawatsekere, koma phunziro lidamveka: chida cha lendi mwini wake ali kutali, ndipo angakulande pa mlandu umene iwe sukuudziwa n'komwe.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti zatsopano n'zachabe. Amene adajambulapo ukwati m'tchalitchi cha mdima, kapena phwando m'holo magetsi atazima, akudziwa momwe chithunzi chimatulukira ndi timadontho ngati mchenga. Chida chochotsera timadonthoti chimene chidalowa mu Lightroom mu 2023 chimapulumutsadi zithunzi zimene kale tikadataya. Ngati mumajambula maukwati Loweruka lililonse ndipo mumalandira ndalama, lipirani, ndipo mtengowo muuike pa kasitomala monga momwe telala amaikira mtengo wa ulusi. Koma ngati mumajambula kamodzi pa mwezi, maluwa a ku Zomba kapena ana akusewera m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, ndalama zonsezi pa chaka mukugula chiyani?

Ndiye nawa malangizo a munthu amene adapsa kale.

Choyamba, musadasinthe dzifunseni kuti pulogalamu yanu yakale yakulepherani pati. Tchulani chinthu chimodzi. Ngati simungathe kuchitchula, ndiye kuti vuto palibe, mwangotengeka ndi nambala. Anthu ambiri amene ndimawadziwa amagwiritsa ntchito zida zinayi zokha: kudula m'mbali, kuwalitsa, kukonza mtundu ndi kufuta kachipsera. Zonsezi zinalipo kale zaka 20 zapitazo.

Chachiwiri, ngati vuto ndi ngati langa lija, loti kamera ndi yatsopano ndipo pulogalamu ikukana zithunzi zake, dziwani chimene chikuchitika. Makamera akuluakulu amasunga chithunzi mwa njira ziwiri. JPEG ndi nsima yophika kale, imatseguka paliponse. RAW ndi ufa, umene umakupatsa ufulu wophika momwe ukufunira, koma kampani iliyonse ili ndi thumba lakelake. Nikon imagwiritsa ntchito NEF. Canon inkagwiritsa ntchito CR2, ndipo mu 2018 idayamba CR3. Pulogalamu imene idasiya kukonzedwa mu 2017 singadziwe thumba limene lidasokedwa mu 2018. Mankhwala ake ndi aulere. Pali kapulogalamu kotchedwa DNG Converter, kamene Adobe imapereka popanda kulipira, kamene kamasandutsa RAW yatsopano kukhala DNG imene mapulogalamu akale amatsegula. Canon imaperekanso yake, Digital Photo Professional, ndipo Nikon ili ndi NX Studio. Mukhozanso kuiuza kamera kuti izisunga RAW ndi JPEG nthawi imodzi. Ndikadadziwa zimenezi, ulendo wa ku Limbe sukadakhalapo. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, yang'anani mphamvu ya makina anu. Ambirife malaputopu athu ndi a kaunjika, a memori ya 4 GB. Photoshop ya masiku ano imafuna yosachepera 8 GB, ndipo eni ake amalangiza 16 GB. Kuika pulogalamu yotere pa makina ofooka kuli ngati kusenzetsa njinga ya kabaza matumba asanu a simenti. Iyenda, koma mudzafika mawa. Kumbukiraninso kuti Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Tsono zimayenda motere: pulogalamu yatsopano imafuna Windows yatsopano, Windows yatsopano imafuna laputopu yatsopano, ndipo kauthenga kaja kamene mudangodina kakupezetsani ngongole.

Chachinayi, sungani kaye musadasinthe. Lightroom Classic imasunga ntchito yanu yonse m'buku lake lotchedwa catalog. Mtundu watsopano ukalikonza bukulo, mtundu wakale sungathenso kuwerenga lokonzedwalo. Koperani bukulo pamodzi ndi zithunzi zenizeni pa hadi disiki ina, ndipo muichotse pa kompyuta mukamaliza, chifukwa vairasi imadya chilichonse chimene chalumikizidwa. Zithunzi za agogo anga zinali malo amodzi okha. Cholakwa chimenecho si cha mnyamata wa ku Limbe, n'changa.

Chachisanu, musasinthe pulogalamu muli pakati pa ntchito ya munthu. Mayi wanzeru sayesa mbaula yatsopano pa tsiku la alendo. Malizani, perekani zithunzi, ndiye muyese. Ndiponso musakhale oyamba. Mtundu watsopano ukatuluka, dikirani masabata angapo anzanu ayambe apunthwa.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani kuti aulere alipo, ndipo si akuba. GIMP idayambidwa mu 1995 ndi ana a sukulu awiri a pa yunivesite ya Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo mtundu wake wa nambala 3 udatuluka mu Malichi 2025. Ofuna kukonza RAW pali darktable ndi RawTherapee. Affinity, imene kale inkagulitsidwa, kampani ya Canva idaigula mu 2024 ndipo kumapeto kwa Okutobala 2025 idayamba kuipereka ulere. A pa foni muli ndi Snapseed. Zoona, masiku oyamba mudzasochera pofuna mabatani amene mudazolowera. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu ana a sukulu makamaka, amene nthawi muli nayo koma ndalama mulibe, yambirani pamenepa.

Komabe ngakhale waulere musamukhulupirire kotheratu. Apple idasiya kukonza Aperture mu 2014. Google idasiya Picasa mu 2016, anthu ambiri akuikonda. Pulogalamu imafa ngati munthu. Chotero chithunzi chilichonse chimene mwamaliza chitulutseni ngati JPEG kapena TIFF, muchiike m'foda yanuyanu yolembedwa chaka ndi malo. Zimene mumazikonda kwambiri kazitsukitseni pa pepala. Alubamu ya amayi anu ya 1995 ikutsegukabe mpaka lero, siifuna bandulo ndipo siidafunsepo pasiwedi.

Za mapulogalamu obera ndanena kale zimene zidandigwera, koma ndionjezepo mawu amodzi kwa ojambula anzanga. Timakwiya tikaona chithunzi chathu pa chikwangwani cha munthu wina popanda chilolezo, ndipo timathamangira kutchula lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso. Lamulo lomwelo limatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Tisamalire kuti atibera pamene chida chimene tidakonzera chithunzicho ndi chakuba.

Pomaliza, pali chinthu chimene palibe mtundu wa pulogalamu ungakupatseni. Kuyambira 2023 Photoshop imatha kuika m'chithunzi zinthu zimene kunalibe, munthu ukangolemba mawu. Ndaonapo zithunzi za ukwati zimene mkwatibwi adayeretsedwa khungu mpaka amayi ake omubala kumudutsa osamuzindikira. Kodi pamenepo takonza kapena taononga? Zaka 30 zikubwerazi mdzukulu adzafuna kuona agogo ake momwe analili, osati chidole.

Azakhali adalandira zithunzi zawo ndipo adakondwa. Chimene adapachika pabalaza ndi chimene sindidachikhudze n'komwe: msuweni wanga akuseka, dzuwa la madzulo likumuwala pa tsaya. Adandifunsa kuti, "Iwe, chimenechi udachipanga bwanji?" Ndidati, "Azakhali, ndidangoima pabwino."

Kauthenga kaja kakadzabweranso, musafulumire kudina. Funsani thumba, funsani laputopu, sungani zithunzi zanu malo awiri. Wakutsina khutu ndi mnansi.